Magetsi akathima, zolemba zanu zili kuti?

Inu a ku Bangwe ndi ku Namiyango, a ku Chigumula, a ku Kanjedza ndi ku Machinjiri, inu amene mwangotseka benchi mu msika wa Limbe, ndi inu amene muli m'minibasi pa msewu wa Chipembere kuchokera m'tauni, takulandirani. Khalani nafe mpaka kumapeto, ndipo ngati pakhomopo pali mnyamata kapena mtsikana wokonda zamakompyuta, muitaneni adzamve nawo, chifukwa mwina mawa ndiye amene mudzamutume.

Lero tikamba za zolemba. Sindikunena mabuku akuluakulu ayi. Ndikunena tinthu timene timalemba tsiku ndi tsiku: mayina a anthu amene atenga katundu pangongole pa okala, masheya a banki m'khonde, mfundo za msonkhano wa kumpingo, notsi za kusukulu, zithunzi za malisiti. Kale zonsezi zinkakhala m'kope, kopelo lili pansi pa matilesi. Masiku ano ambirife tikulemba m'foni. Koma tandiyankhani muli komweko: zimene munalembazo zili m'foni mwanudi, kapena zili pa kompyuta ya kampani ina kutsidya kwa nyanja, foni yanuyo ikungokuonetsani?

Tiyenda motere. Tiyamba taona chifukwa chake anthu ena akusankha kusunga okha zinthu zawo pa kompyuta ya m'nyumba mwawo. Kenako tikamba za mapulogalamu olembera, pomwe ndi pamene tikhalitsepo. Tikatero tiona makina ake ndi kasamalidwe kake. Ndipo pali funso limodzi limene ndilibwerezabwereza mpaka mutope nalo. Musanaike pulogalamu iliyonse, dzifunseni kuti: magetsi akathima, bandulo ikatha, kodi ndidzatha kutsegula zimene ndinalemba?

Tiyambe ndi chifukwa. Mapulogalamu ambiri olembera amene timapeza ulere amasunga zolemba zathu pa makompyuta a eni ake. Ndi zabwino ndithu, foni ikabedwa pa depoti umangolowa pa foni ina n'kupeza zonse zilipo. Vuto ndi lakuti malamulo amapanga ndi iwo, ndipo amasintha tsiku limene akufuna. Pali pulogalamu yotchuka yotchedwa Evernote, imene anthu analemberamo zaka zambiri osalipira. Mu Disembala 2023 eni ake atsopano analamula kuti wosalipira azikhala ndi notsi 50 zokha. Amene anali ndi zambiri ankatha kuziwerenga, koma kuti alembe zatsopano anayenera kulipira. Google nayo mu 2021 inasiya kusunga zithunzi zopanda malire mwaulere. Palibe anaba kanthu pamenepa, ndi malonda chabe. Koma malipiro ake ndi a madola, ndipo nonse mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kuwonjezera apo, kulipira chinthu kunja ndi khadi la kubanki masiku a kusowa kwa ndalama zakunja ano si nkhani yapafupi. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. A ku Limbe, kwawo kwa okushoni ya fodya, mwambi umenewu sitichita kukumasulirani.

Ndiye anthu ena anati, bwanji tisunge tokha? Amatenga kompyuta imodzi, kuiika pakona m'nyumba, kuisiya yoyaka, n'kuilumikiza ku rauta ya Wi-Fi. Mafoni ndi malaputopu a m'nyumbamo amatumiza zinthu kwa iyo ndi kutenga kwa iyo. Kompyuta yotumikira zinzake chonchi ndi imene amaitcha seva. Musaope dzinalo. Ndi kompyuta wamba, yangopatsidwa ntchito ina.

Mwina wina akuti izi ndi za azungu, kuno sizingatheke. Ayi ndithu, zinachitika kale mu mzinda wathu womwe uno. Bungwe la Baobab Health, limene linayamba ntchito yake pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mu 2006 linaika makina olembera odwala olandira ma ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene tonse timangoti ku Gulupu. Seva inali pa chipatala pomwepo, makina ake anali osadya magetsi ambiri, ndipo ankayendera mabatire kuti magetsi akathima namwino asaime ntchito. Iwo anayamba aganizira magetsi athu ndi netiweki yathu, kenako n'kusankha makina. Ambiri amene amalephera nkhani imeneyi amayambira kumapeto: aona kanema wa munthu wa ku America amene magetsi ake sathima, akopera zonse, sabata yomweyo zawakanika.

Tsopano tifike pa mapulogalamu olembera. Alipo ambiri, koma kwa ife kuno ndimawagawa pawiri basi.

Gulu loyamba ndi la mapulogalamu amene zolemba zimakhala pa seva pokha, inu n'kumazitsegula ngati mmene mumatsegulira tsamba la pa intaneti. Zitsanzo zake ndi BookStack ndi Memos. Ndi okongola, ndipo pa ofesi pamene anthu ambiri amawerenga chinthu chimodzi amathandiza. Koma taganizirani mayi wa okala ku Bangwe amene wapita kukapikula katundu ku Limbe. Akufuna aone kuti shuga anatsala mabelo angati. Kunyumba magetsi athima, rauta yazima. Foni ili m'manja, yodzadza moto, koma mulibe kanthu. Mwaona? Pulogalamuyo yalephera funso lathu lija.

Gulu lachiwiri ndi limene ine ndimalimbikitsa. Awa amasunga zolemba zonse m'foni mwanu momwemo, ndi mu laputopu mwanu momwemo, ndipo seva ntchito yake ndi kungofananitsa. Mwalemba pa foni masana muli mu msika, madzulo mwafika kunyumba, foni yalumikizana ndi rauta, zimene munalemba zapita zokha pa laputopu. Seva ikazima sabata yathunthu, inu mukulembabe ndi kuwerenga. Ikadzayaka zidzafanana.

Pagululi nditchule awiri. Woyamba ndi Joplin. Ndi yaulere, ndipo mmene inapangidwira ndi poyera, aliyense wodziwa akhoza kuunika mkati mwake. Imagwira pa mafoni a Android ndi iPhone, ndiponso pa makompyuta a Windows, Linux ndi Mac. Mumatha kuikamo zithunzi, ndiye lisiti mungolijambula n'kuliphatika pa tsiku lake. Ili ndi njira yotsekera zolemba ndi pasiwedi kuti ngakhale amene ali ndi seva asathe kuziwerenga. Ndipo ngati munali pa Evernote, imatha kulandira zolemba zanu zakale. Chenjezo ndi limodzi: pasiwedi yotsekerayo mukaiiwala, palibe ofesi imene mungakadandauleko. Ilembeni papepala, muiike pamodzi ndi makalata a malo.

Wachiwiri ndi Obsidian. Iyi mkati mwake ndi chinsinsi cha eni ake, ndipo ena saikonda pa chifukwa chimenecho. Koma ili ndi khalidwe limodzi limene ndimaliyamikira kwambiri. Chilichonse chimene mwalemba chimakhala kafayilo kakekake ka mawu wamba, mu foda wamba. Kampaniyo itatseka mawa, mafayilo anu mukhoza kuwatsegula ndi pulogalamu ina iliyonse yowerengera mawu, ngakhale Notepad ya pa kompyuta yakalekale. Apa pakutuluka funso lachiwiri, mng'ono wake wa loyamba lija: ndikadzatopa nayo pulogalamuyi, ndidzatuluka ndi katundu wanga? Yesani tsiku loyamba lomwelo. Lembani notsi zitatu, muzitulutse, muzitsegule kwina. Zikakanika ndi zitatu, zidzakanika ndi zikwi zitatu.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa pano ndikhumudwitsa anyamata okonda makina. Ambiri mwa inu simukufunika seva. Ndabwereza: ambiri simukufunika seva. Ngati muli nokha, muli ndi foni imodzi ndi laputopu imodzi, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Syncthing imene imafananitsa foda ya pa foni ndi foda ya pa laputopu mwachindunji, popanda wachitatu pakati. Zonse zikakhala pa rauta imodzi, zimatumizirana m'nyumba momwemo, bandulo osakhudzidwa, ngakhale itatheratu. Pa Android, imene ikusamalidwa pano ndi yotchedwa Syncthing-Fork, chifukwa yoyambirira eni ake anasiya kuitulutsa kumapeto kwa 2024. A iPhone njira imeneyi imawavutirapo, iwo angachite bwino ndi Joplin. Wophunzira wa ku MUBAS amene akulemba notsi za kalasi, mlembi wa kwaya, mphunzitsi wokonza mapulani a phunziro, Obsidian ndi Syncthing zawakwanira. Ndalama ya makina agulire ndiwo.

Nanga seva ndi ya ndani? Ndi ya pamene anthu achuluka. Banja limene likufuna zithunzi zonse za maukwati ndi zinkhoswe zikhale malo amodzi. Sitolo ya hadiweya imene ili ndi ogulitsa atatu. Sukulu yapulayiveti, ofesi ya mpingo, kagulu ka amayi kamene mlembi, msungichuma ndi wapampando onse ayenera kuona mabuku amodzimodzi. Apa pulogalamu imene ambiri amathamangira ndi Nextcloud, imene inayamba ku Germany mu 2016. Imasunga mafayilo, zithunzi, kalendala ndi manambala a foni, aliyense ndi khomo lake lolowera, ndipo Joplin imatha kufananitsa zolemba kudzera mwa iyo. Koma ndi yolemera, pa makina ofooka imayenda mokwawa, ndipo imafuna munthu woiyang'anira. Musaiike chifukwa chakuti ili ndi zambiri. Iikeni ngati mwatchula zinthu ziwiri kapena zitatu zimene muzigwiritsadi ntchito.

Ngati mwangotsegula wailesi yanu, tikukamba za kusunga zolemba zathu pa makina athuathu, ndipo muyeso wathu ndi umodzi: magetsi akathima, bandulo ikatha, kodi zitseguka? Tsopano tiwoloke, tione makina.

Pa intaneti mudzamva kwambiri za Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kokwana m'dzanja kamene kanatuluka ku Britain mu 2012. Ndi kabwino, sikadya magetsi. Koma kuno kamachita kuitanitsidwa, ndipo kawirikawiri kamasunga zonse pa memori khadi ngati ya m'foni. Magetsi akazima mwadzidzidzi kali mkati molemba, khadiyo imatha kusokonekera, kompyuta osadzukanso. Kwathu kuno magetsi kuzima mwadzidzidzi si ngozi, ndi mbali ya moyo. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi makinawo asanabwerere. Amene munali ndi ma saluni ndi zigayo nthawi imeneyo simunaiwale.

N'chifukwa chake ine ndimati seva yabwino ya ku Limbe ndi laputopu yakale. Inde, ija yosweka kiyibodi imene ili m'kabati, kapena yogwiritsidwapo kale ntchito ya m'masitolo a m'tauni. Ili ndi batire lake, ndiye magetsi akathima siigwa nthawi yomweyo, imakhala ndi mpata wodzizimitsa bwinobwino. Ili ndi sikirini yake, chikavuta mumangoitsegula n'kuona. Ndipo poti mayunitsi timagula tokha, dziwani kuti laputopu yongokhala phee imadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kompyuta yaikulu ya pa desiki, imene ikayaka usana ndi usiku mudzaiona pa mita. Pogula, chotsani chaja muone ngati batire likusunga moto. Likakhala lotupa, lisinthitseni, limenelo ndi moto wodikira tsiku. Mukakhala ndi kandalama, chotsani diski yakale yozungulira muike ya SSD, makinawo adzakhala ngati atsopano. Rauta nayo ipezereni kabatire kake kapena muilumikize ku sola, apo ayi seva ikhala yoyaka koma yopanda woilankhula. Ndipo musaiwale choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa zipangizo zambiri zimapsa pamene magetsi akubwera, osati pamene akuchoka. Ikani makinawo pamwamba, podutsa mphepo. Fumbi ndi kutentha kwa mu Okutobala zimapha makompyuta mwakachetechete.

Pa laputopuyo mumachotsa Windows n'kuika Linux, monga Debian kapena Ubuntu, zomwe ndi zaulere. Apa ndi pamene ambiri amachita mantha, poganiza za sikirini yakuda yodzadza zilembo. Masiku ano pali mapulogalamu oyang'anira seva amene amakupatsani tsamba la mabatani, lotsegula pa foni. CasaOS ndi yosavuta kwa woyamba kumene: mumaona kuti diski yadzadza bwanji, makina atentha bwanji, ndipo kuika pulogalamu yatsopano ndi kungodina. OpenMediaVault imathandiza amene cholinga chawo chachikulu ndi kusunga mafayilo ambiri pa madiski angapo. YunoHost ndi yabwino, koma inapangidwa poganizira munthu amene seva yake ikuoneka pa intaneti ndipo ili ndi dzina lakelake, zimene ambirife tilibe. Palinso Proxmox, imene imagawa kompyuta imodzi kukhala zingapo. Akatswiri amaikonda, koma ngati cholinga ndi kusunga mabuku a banki m'khonde, isiyeni kaye. Mudzaipeza mukadzakula m'ntchitoyi.

Chimene opanga mavidiyo akunja sakuuzani ndi bandulo. Pulogalamu iliyonse imene mwadina imatsitsidwa kuchokera pa intaneti, ndipo zina ndi zazikulu zedi. Zikatero zimafunanso kukonzedwanso mwezi ndi mwezi. Mukaika mapulogalamu khumi ongoyesa, mudzadabwa bandulo ya mwezi itatha Lachitatu. Ikani imodzi. Ikhale mwezi. Ikakhazikika, onjezani ina. Ndipo zokonzanso zachitetezo musazidumphe, ingozisungirani nthawi imene intaneti ili yotchipa kapena pamene muli pa Wi-Fi yopanda malire.

Wina afunsa kuti, nanga ndikakhala ku Lilongwe kapena ku Joni, ndingafike bwanji pa seva ya kunyumba? Ambirife intaneti yathu ndi ya SIM khadi ya Airtel kapena TNM, ndipo pa netiweki za mafoni makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi yotulukira kunja. Ndiye kuchokera kutali, nyumba yanu siipezeka mwachindunji. Njira imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi Tailscale, imene imalumikiza zipangizo zanu zokhazokha mwachinsinsi, ndipo kwa munthu payekha ili ndi gawo laulere. Ndikudziwa, wina aseka kuti tathawa kampani yakunja n'kukagwiranso ina. Zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti iyi ikatseka, mwataya njira yolowera muli kutali, zolemba zanu zili m'nyumba. Chimene sindikufuna muchite ndi kutsegula seva yanu kuti aliyense pa intaneti aione musanadziwe kuiteteza. Pali makina amene ntchito yawo usiku ndi usana ndi kuyesa zitseko zoterezi.

Tafika pa mfundo imene ndikufuna muigwire ndi manja awiri, ndipo ndi yosasangalatsa. Mukasunga nokha, mlonda ndinu. Diski ikafa, palibe woimbira foni. Ndipo kufananitsa si kusunga kope lapadera. Mwana akafufuta foda pa foni, Syncthing mokhulupirika idzafufutanso pa laputopu, pokhapokha mutaiuza kuti izisunga zakale. Odziwa amati chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumba. Gawo lomalizali ife a ku Blantyre tisalitenge mopepuka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manje. Tinataya abale athu ambiri, ndipo amene anapulumuka ena anatsala opanda chiphaso, opanda satifiketi, opanda chithunzi n'chimodzi chomwe cha ana awo. Kope limene lili m'chipinda chimodzi ndi seva limapita limodzi ndi sevayo, kaya ndi madzi, moto kapena akuba. Gulani diski yapadera, muzikoperamo kumapeto kwa mwezi uliwonse, muitseke ndi pasiwedi, mukaisungitse kwa achemwali anu ku Chirimba kapena mu kabati ya kuntchito. Ndipo kamodzikamodzi muziitsegula kuti muone ngati zimene munakoperazo zikuwerengeka.

Musaganize kuti izi zimagwera anthu wamba okha. Mu Febuluwale 2024 Purezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowereredwa ndi anthu amene ankafuna dipo, ndipo kwa masabata angapo mapasipoti sankatuluka. Ngati makina a boma angaime chonchi, kalaputopu kathu ka pakona n'kachiyani?

Kwa inu alembi a magulu, palinso mbali ya lamulo. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mayina a mamembala, manambala awo, ngongole zawo, si zanu, mwangosungitsidwa. Aliyense akhale ndi pasiwedi yake, ndipo amene wachoka m'gulu khomo lake litsekedwe tsiku lomwelo. Chinanso, pasakhale munthu mmodzi yekha wodziwa mmene makinawo amayendera. Mnyamata amene wakuikirani zonsezi mawa apeza ntchito ku Mzuzu. Muuzeni alembe papepala, m'Chichewa chomveka, kuti pulogalamu ndi iti, pasiwedi ili kuti, magetsi akabwera mudina pati.

Nthawi yatithera, koma ndikusiyireni ntchito ya usiku uno. Tengani foni yanu, muzimitse data, muzimitsenso Wi-Fi. Kenako tsegulani pamene mumalemba zinthu zanu zofunika. Zatseguka zonse? Zithunzi za malisiti zikuoneka, kapena pangokhala kachizindikiro kozungulira? Mukatero kambiranani pakhomopo kapena pa gulu panu kuti ndi zinthu ziti zimene zitasowa mawa mungagwire njakata, ndipo ndani wina amene amadziwa pamene zili. Mutilembere zimene mwapeza, tidzawerenga ena mwa mayankho anu sabata yamawa, pamene tidzakambe za kagulidwe ka laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ndi zoyenera kuyesa musanapereke ndalama.